NKHOPE YA CHIWEMBU M'MAKATUNI: MNENI KAPENA DZINA?

1. Mawu oyamba

Mwana wa zaka zinayi, amene sanayambe sukulu ndipo sadziwa ngakhale liwu limodzi la Chingerezi, akakhala pansi kuonera katuni yochokera ku America sachedwa kuloza chala n'kunena kuti, "Woipa ndi uyu." Amatero mtengambaliyo asanayankhule, asanabe kanthu, asanapweteke munthu. Chimene mwanayo wawerenga ndi mizere yowerengeka imene wojambula waika pa nkhope. Popeza mizere imeneyi imapereka uthenga kwa anthu miyandamiyanda, ndipo uthengawo umamveka chimodzimodzi nthawi ndi nthawi, tiyesa kuti ophunzira za ziyankhulo ayenera kuifunsa mafunso amene amafunsa akakumana ndi chiganizo: kodi yapangidwa ndi timagawo tanji, timagawoto tikugwirizana motani, nanga ikunena chiyani za amene ikumunena?

M'pepala lino tiunika nkhope za atengambali oipa m'makatuni a kampani ya Walt Disney, kuyambira Three Little Pigs ya 1933 kufikira The Lion King ya 1994. Tasankha makatuni amenewa chifukwa ndiwo anafalikira koposa ena onse, ndiponso chifukwa amisiri ake ankalingalira za luso lawo poyera. Awiri a iwo, Frank Thomas ndi Ollie Johnston, anafika polemba buku lathunthu la atengambali oipa okhaokha, The Disney Villain, m'chaka cha 1993.

Mfundo yathu ndi iyi. Wojambula ali ndi njira ziwiri zoikira chiwembu pa nkhope. Angathe kuchiika m'zimene nkhope ikuchita, monga kutsitsa nsidze ndi kupotoza milomo, kapena kuchiika m'mene nkhope inabadwira, monga mphuno, khungu, chipsera ndi ukalamba. Njira yoyamba ifanana ndi mneni, yachiwiri ifanana ndi dzina. Tisonyeza kuti kumene amisiriwa anatsata njira ya mneni anapanga ntchito yoopsadi ndi yoona, ndipo kumene anathamangira dzina anafooketsa luso lawo, nasiyira ana phunziro loipa limene mbiri ya dziko inalilipirira kale ndi mwazi.

2. Timagawo ta nkhope

Woyamba kulingalira mozama za nkhaniyi anali Rodolphe Töpffer, mphunzitsi wa ku Geneva, amene ambiri amamuyesa kholo la nkhani za m'zithunzi. M'kabuku kake ka 1845, Essai de physiognomonie, iye anasonyeza kuti munthu aliyense, ngakhale wosadziwa kujambula, akalemba mutu n'kuikamo maso, mphuno ndi kamzere ka pakamwa, chimene chatulukacho chimakhala kale ndi mtima wake: chimaoneka chopusa, chochenjera, chokondwa kapena chodandaula. Akasuntha kamzere kamodzi pang'ono pokha, mtimawo umasinthika. E. H. Gombrich, m'buku lake la 1960, Art and Illusion, anatcha mfundo imeneyi lamulo la Töpffer.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Tikafuna kudziwa ngati maliwu awiri ali osiyana m'Chichewa, timatenga mawu awiri ofanana ponseponse kupatula malo amodzi, monga ponya ndi phonya. Kampweya kotsatira p ndiko kalekanitsa woponya mwala ndi wophonya mbalame. Nsidze za m'katuni zimagwira ntchito ya kampweyako:

(1) a. nsidze zokwera chapakati, zotsika m'mbali: chisoni, nkhawa, kupepesa
b. nsidze zotsika chapakati pamwamba pa mphuno, zokwera m'mbali: mkwiyo, kuopseza

Timizere take ndi tomweto, utali wake ndi womwewo. Chasintha ndi mbali imene tapendekera.

M'chaka cha 1978 Paul Ekman ndi Wallace Friesen anafalitsa ndondomeko yotchedwa Facial Action Coding System, imene inagawa kayendedwe ka nkhope m'timagawo n'kutipatsa manambala. Kutsitsa nsidze ndi nambala 4, kukweza masaya mpaka maso kuchita makwinya m'mbali ndi nambala 6, kukokera m'mwamba ngodya za milomo ndi nambala 12. Tikatenga nsidze ndi milomo zokha n'kuyamba kuziphatikiza monga tichitira ndi tsinde ndi aphatikiri, tipeza izi:

(2) a. nsidze zomasuka ndi milomo yokwera m'ngodya: chimwemwe
b. nsidze zotsika ndi milomo yotsika m'ngodya: mkwiyo
c. nsidze zotsika ndi milomo yokwera m'ngodya: chiwembu

Chitsanzo (2c) ndicho maziko a nkhope imene tikuikamba. Kuti maziko amenewa ngochepa motani tingaone pa zimene anthu amalemba polemberana pa lamya za m'manja, pamene zizindikiro zitatu zokha, >:), zimakwana kunena kuti wolembayo wakonza kanthu. Zina zimene wojambula amawonjezera ndi zokometsera: kutsitsa zikope kufikira theka la diso, kuchepetsa mwana wa diso, kuweramitsa mutu kuti mtengambali aziyang'ana chapansi pa nsidze, ndi kuwalitsa nkhope kuchokera pansi kuti mithunzi igwere kumene sitinaizolowere.

3. Chiganizo cha nthambi ziwiri

Nanga n'chifukwa chiyani (2c) imaopsa kuposa (2b)? Munthu wokwiya wadziulula. Tikudziwa chimene chili mumtima mwake, tingathe kupepesa, kuthawa kapena kudikira kuti mtima wake uphwe. Koma pa (2c) gawo la kumtunda la nkhope likunena kuti "ndikupweteka," pamene gawo la kumunsi likunena kuti "ndakondwa." Nkhope yotereyi ndi chiganizo cha nthambi ziwiri, ndipo woonera amaika yekha mlumikizi pakati pake: ndakondwa chifukwa ndikupweteka. Mantha amachokera pa mlumikizi ameneyu, amene wojambula sanamulembe n'komwe.

Dokotala wa ku France, Duchenne de Boulogne, m'chaka cha 1862 anafalitsa zithunzi za anthu amene ankawagwedeza minofu ya kumaso ndi magetsi. Anapeza kuti kumwetulira kochokera mumtima kumagwedeza minofu ya pakamwa pamodzi ndi mnofu wozungulira diso, pamene kumwetulira kongoyerekeza kumathera pa milomo. Charles Darwin anagwiritsa ntchito zina mwa zithunzizo m'buku lake la 1872 lonena za maonekedwe a nkhope mwa anthu ndi nyama. Tikanena m'manambala a Ekman ndi Friesen, kumwetulira koona ndi 6 pamodzi ndi 12. Wachiwembu wa m'katuni amamuchotsera 6 n'kumuikira 4.

Chichewa chinadziwa kale kusiyana kumeneku popanda magetsi. Tili ndi liwu loti chiphamaso, lonena chinthu chochitidwa kuti chitseke maso a woonera. Timanena za munthu kuti amaseka ndi mano okha. Akuluakulu anatinso chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zonsezi zikusonyeza kuti mantha athu aakulu ali pa munthu amene kunja ndi m'kati mwake sizigwirizana.

Mbali ina ya chiyankhulo chathu imene ingatithandize kumvetsa katuni ndi mvekero, umene C. M. Doke anaufotokoza m'chaka cha 1935 ngati liwu lojambula ganizo m'makutu. Tikanena kuti munthu anangoti ndwii, kapena kuti maso ali psuu, mano ali mbee, sitifotokoza nkhope yonse: timatola chinthu chimodzi n'kuchikuza. Tingathenso kukoka mvekero, ndwiiii, kuti tanthauzo likule. Wojambula makatuni amakoka mzere monga momwemo. Chitsanzo chodziwika ndi cha kunja kwa Disney, mu How the Grinch Stole Christmas! ya 1966 imene anaitsogolera Chuck Jones, pamene Grinch wapeza nzeru yoipa ndipo milomo yake imanka ikwerabe mpaka ngodya zake kupiringizika. Palibe nkhope ya munthu ingachite zotero, monganso palibe munthu amene maso ake amafiira ngati magazi pokwiya. Koma tizindikire kuti mvekero kawirikawiri umatsagana ndi mneni kuti kapena kuli, ndipo umanena za kanthawi. Amene wati ndwii m'mawa angathe kumasuka madzulo.

4. Kukwinya ndi makwinya

Tsopano tiyerekeze ziganizo ziwiri izi:

(3) a. Mayiyo wakwinya nkhope.
b. Mayiyo ali ndi makwinya kunkhope.

Tsinde lake ndi limodzi, -kwiny-. Mu (3a) tsindelo ndi mneni: lili ndi mwininkhani amene wachita, lili ndi nthawi, ndipo lingathe kukanidwa, pakuti mawa tidzati sanakwinye. Likutiuza za mtima wa mayiyo pa nthawiyo. Mu (3b) tsindelo lasanduka dzina. Makwinya alibe nthawi, mayiyo sanawasankhe, sangawachotse, ndipo satiuza kanthu za mtima wake koma za zaka zake zokha. Vuto la wojambula ndi lakuti kukwinya ndi makwinya amazijambula ndi mzere umodzimodzi. Chiyankhulo chili ndi aphatikiri osiyanitsa mneni ndi dzina, koma pensulo ilibe.

Töpffer anaona msampha umenewu. Iye anagawa zizindikiro za nkhope pawiri: zosakhalitsa, monga za kuseka, kulira ndi kukwiya, ndi zokhalitsa, monga kukula kwa chipumi ndi kaumbidwe ka mphuno kapena chibwano. Anati zosakhalitsa n'zodalirika posonyeza chimene munthu akumva, koma zokhalitsa sizingadaliridwe poweruza nzeru kapena khalidwe la munthu. Potero ankatsutsa chiphunzitso chimene chinali chotchuka ku Ulaya kuchokera m'mabuku a Johann Kaspar Lavater, chakuti khalidwe la munthu linalembedwa m'mafupa a nkhope yake.

Katuni ya pa kanema ili ndi mwayi umene Töpffer analibe. Pa sekondi iliyonse pamadutsa zithunzi 24, motero wojambula ali ndi nthawi m'manja mwake. Angathe kusonyeza nkhope isanasinthe, ikusintha, ndi itasintha. Ndiye kuti luso limeneli mwachibadwa ndi luso la mneni, ndipo mmisiri amene athawira ku dzina wataya chida chake chachikulu.

5. Kumene mneni unapambana

Ntchito imene tiiyesa yopambana zonse ndi Lady Tremaine, mayi womupeza wa mu Cinderella ya 1950, amene anamujambula Frank Thomas ndipo mawu ake anayankhula ndi Eleanor Audley. Nkhope yake ikakhala phee ndi ya mayi wachikulire waulemu wake, wodzisamala, amene mungamupatse mpando wabwino pa msonkhano. Alibe mphamvu zamatsenga, sakuwa, samenya. Taonani chimene chimachitika pamene Cinderella wamva kuti mwana wa mfumu akufunafuna mwini nsapato, ndipo akukwera kuchipinda kwake akung'ung'udza nyimbo ya ku phwando. Mayiyo wangoima. Zikope zimatsika pang'onopang'ono, mthunzi umaphimba nkhope, maso okha n'kutsala akuwala. Palibe liwu limene layankhulidwa, koma woonera wadziwa kuti mayiyo wazindikira, waganiza, ndipo wasankha. Kenaka amamutsatira pamakwerero, n'kutseka chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba. Apa taona chiwembu chikubadwa. Pambuyo pake, atakola mthenga ndi ndodo kuti nsapato ya galasi isweke, kumwetulira kwake n'kwakung'ono zedi, ndipo kuchepa kwakeko ndiko kuopsa kwake.

Filimu yomweyi ikutipatsa poyerekezera. Ana ake awiri aakazi anajambulidwa ndi mphuno zonga mbatata ndi mapazi aakulu, kuti kuipa mtima kwawo kuoneke pa kusakongola kwawo. Zotsatira zake n'zakuti amaseketsa, saopsa. M'nyumba imodzi, dzina labala nthabwala yotsika, mneni wabala mantha enieni.

Wachiwiri ndi Shere Khan, kambuku wa mu The Jungle Book ya 1967, ntchito ya Milt Kahl, mawu a George Sanders. Filimu imapita patali iye asanaoneke, ndipo nyama zina zimakhala zatiopseza kale ndi mbiri yake. Akatulukira timayembekeza chilombo cholusa, koma timapeza bwana wofatsa, wa zikope zolemera ngati wotopa, woyankhula mwaulemu. Pokambirana ndi nsato Kaa, nkhope imakhala yokoma ngati ya mlendo wodzafunsa njira, pamene dzanja lagwira nsatoyo pakhosi ndipo chikhadabo chikuseweretsa mphuno yake. Kahl wachotsa nthambi imodzi ya chiganizo pa nkhope n'kuiika m'dzanja. Malamulo a (2c) akadalipo, koma afalikira m'thupi lonse.

Wachitatu ndi Gaston wa mu Beauty and the Beast ya 1991, amene anamujambula Andreas Deja. Gaston ndi mnyamata wokongola, wa chibwano champhamvu, amene mudzi wonse ukumutama. Zizindikiro zake zokhalitsa ndi za ngwazi. Kuipa kwake kumaoneka pang'onopang'ono, pamene kunyada kukusanduka nsanje ndipo nsanje ikusanduka mtima wakupha, pamene uyo wa nkhope ya chilombo akunka nafewa mtima. Mwana woonera filimuyi amakakamizidwa kuweruza mwa ntchito, pakuti nkhope zokha zingamusokeretse.

6. Kumene dzina linalowerera

Mu Snow White and the Seven Dwarfs ya 1937 muli nkhope ziwiri za munthu mmodzi. Mfumukazi ndi wokongola, nkhope yake yosalala ndi youma ngati chigoba, ndipo nsidze zikangosuntha pang'ono woonera amanjenjemera. Pofuna kupha Snow White, amadzisandutsa nkhalamba yogulitsa maapozi. Malinga ndi nkhani yake, cholinga cha kusandulikako ndi kubisala, kuti mtsikanayo aone gogo wosauka wosayenera kumuopa. Koma ojambula anapatsa gogoyo mphuno yokhota yokhala ndi njerewere, maso otuzuka, msana wopindika ndi m'kamwa mopanda mano, kotero kuti chobisaliramo chinaopsa kuposa mwini wake. Apa chithunzi chatsutsana ndi nkhani. Mwana woonera amaona Snow White akuchitira chifundo nkhalamba, akuilowetsa m'nyumba, ndipo mumtima amati, "Wopusa iwe, suona nkhopeyo?" Phunziro limene latsala ndi lakuti kuchitira chifundo nkhalamba yosaoneka bwino ndi uchitsiru.

Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu Three Little Pigs ya 1933, mmbulu pofuna kulowa m'nyumba ya nkhumba unadzibisa ngati wamalonda wachiyuda, ndi ndevu ndi mphuno yaikulu yoikirira. Chimenecho chinali chaka chimene Adolf Hitler anatenga ulamuliro ku Germany. Kampaniyo inajambulanso gawo limeneli kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo kusinthako n'kuvomera kuti panali cholakwa.

Komabe chizolowezicho sichinathe. Mu Aladdin ya 1992 atengambali onse ndi a mzinda umodzi wa Chiarabu, koma nkhope zawo zinagawidwa pawiri. Aladdin ndi Jasmine ali ndi nkhope zofewa ndipo amayankhula ngati achinyamata a ku America. Nduna yoipa Jafar ili ndi nkhope yaitali yowonda, mphuno yokhota ndi kandevu kopotana, ndipo alonda ankhanza ndi amalonda a mumsika ali ndi mphuno zazikulu ndi kayankhulidwe kolemera kachilendo. Bungwe la American-Arab Anti-Discrimination Committee linadandaula, ndipo m'chaka cha 1993 mawu ena a nyimbo yotsegulira anasinthidwa, koma nkhope zinatsala momwemo. Amene anajambula Jafar ndi Deja yemwe uja wa Gaston, umboni wakuti luso analinalo.

Deja yemweyo anajambula Scar wa mu The Lion King ya 1994, ndipo apa mfundo yathu ikuonekera poyera kotheratu, pakuti dzina la mtengambaliyu litanthauza chipsera. Kayendedwe ka nkhope yake, kotsatira mawu a Jeremy Irons, n'kaluso lapamwamba: zikope zaulesi, nsidze imodzi yokwera monyoza, kumwetulira kwa mbali imodzi. Zimenezi zikanakwana. Koma pamwamba pake anamuwonjezera chipsera pa diso lamanzere, thupi lowonda, ubweya wa m'khosi wakuda ndi khungu loderapo kuposa la mbale wake Mufasa. Mkango umenewu unaweruzidwa usanatsegule pakamwa.

Kayankhulidwe nako kamasanduka dzina, ndipo apa tili pabwalo lathu lenileni. Rosina Lippi-Green, m'buku lake la 1997, English with an Accent, anaunika atengambali 371 a m'mafilimu 24 a makatuni a Disney. Anapeza kuti mwa oyankhula Chingerezi cha ku America, pafupifupi 20 pa 100 alionse anali oipa, pamene mwa oyankhula Chingerezi chomveka kuti si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, oipa anali pafupifupi 40 pa 100 alionse. Lilime la munthu, monga mphuno yake, ndi chinthu chimene anachipeza kwawo. Ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi tili m'gulu lachiwirilo.

7. Zotsutsa ndi mayankho ake

Wina angati wojambula alibe nthawi, mwana ayenera kudziwa msanga woipa, ndipo zizindikirozi n'zachibadwa mwa anthu onse. Mbali ina ya mawu amenewa ndi yoona. M'chaka cha 1988 Joel Aronoff ndi anzake anayerekeza zigoba za kumaso zochokera m'mitundu yosiyanasiyana ya anthu, ndipo anapeza kuti zigoba zoopseza zimakonda kukhala ndi mizere yopendekera ndi ngodya zosongoka, zofanana ndi nsidze za mu (1b). Koma umboni umenewu ukuikira kumbuyo mneni, pakuti ngodya zimenezo zikutsanzira nkhope imene ikukwiya. Sukunena kanthu za mphuno ya mtundu wakutiwakuti.

Ngakhale zizindikiro zosakhalitsa zomwe sizimveka chimodzimodzi paliponse. M'chaka cha 2016 Carlos Crivelli ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku zilumba za Trobriand, ku Papua New Guinea: nkhope yotong'ola maso ndi kuyasama, imene Azungu amaiwerenga ngati ya mantha, achinyamata a kumeneko anaiwerenga ngati yoopseza. Ngati mneni amene ali ndi kusiyana kotere pakati pa mitundu, dzina ndiye n'lophunzitsidwa kotheratu. Palibe mwana amabadwa akudziwa kuti njerewere ndi chizindikiro cha ufiti.

Wina angatinso izi ndi nthabwala za ana chabe. Mbiri ikuyankha. M'chaka cha 1876 Cesare Lombroso wa ku Italy anafalitsa L'uomo delinquente, momwe ananena kuti chigawenga chimabadwa ndipo chingazindikirike ndi nsagwada, makutu ndi chipumi. Charles Goring anayeza akaidi pafupifupi 3,000 a ku England ndipo m'chaka cha 1913 anasonyeza kuti nkhope ya chigawenga kulibe. Sayansi inataya chiphunzitsocho, koma ojambula anachisunga. Nyuzipepala ya Der Stürmer ya Julius Streicher, imene inayamba mu 1923, inadzaza masamba ake ndi makatuni a Ayuda a mphuno zokhota ndi maso achiwembu, ndipo mu 1938 kampani yake inasindikiza buku la ana, Der Giftpilz, lophunzitsa ana a sukulu kuzindikira Myuda poyang'ana mphuno. Streicher anaweruzidwa ku Nuremberg ndi kunyongedwa mu 1946 chifukwa cha zimene anafalitsa. Sitikunena kuti amisiri a Disney anali ndi mtima wa Streicher. Tikunena kuti malamulo a chiganizo ndi amodzi: mbali yakutiyakuti ya thupi itanthauza mtima woipa.

Madokotala a khungu nawo anaunika nkhaniyi. Kafukufuku wofalitsidwa mu JAMA Dermatology m'chaka cha 2017 anayang'ana atengambali oipa khumi otchuka koposa m'mafilimu a ku America, ndipo anapeza kuti asanu ndi mmodzi anali ndi zipsera, njerewere, dazi kapena zina za pakhungu zoonekera. Mfumukazi ya mu Snow White inali m'gulu limenelo. M'chaka cha 2018 bungwe la British Film Institute, pomvera dandaulo la bungwe la Changing Faces loimira anthu a zipsera kumaso, linalengeza kuti silidzaperekanso ndalama ku mafilimu ogwiritsa ntchito chipsera ngati chizindikiro cha kuipa.

Kwathu kuno chiganizo (3b) chili ndi mtengo wake. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira ufiti. Makatuni sindiwo anawapha, pakuti kunamizira okalamba ufiti kunalipo kanema asanabwere, ndipo lamulo loletsa kutchula munthu mfiti linakhazikitsidwa kale mu 1911. Koma mwana amene wamva kumudzi kuti gogo wa makwinya ndi maso ofiira ngokayikitsa, akapeza chithunzi chomwecho pa kanema wochokera kutsidya kwa nyanja, amatenga ngati mboni yachiwiri yavomereza. Chikhulupiriro chimene chikanafooka chimapeza mchirikizo kumene sitinauyembekezere.

8. Mawu otsiriza

Sitikupempha kuti makatuni akhale opanda oipa, kapena kuti oipawo azijambulidwa mofatsa. Nthano yopanda fisi siikoma, ndipo mwana ali ndi ufulu wochita mantha ali pabwino pa mwendo wa amake. Chimene taona n'chakuti nkhope zoopsa koposa m'makatuni amenewa, ya Lady Tremaine ndi ya Shere Khan, ndizo zimene zinadalira kwambiri mneni, ndipo zimene zinadalira dzina zakhala zikuchititsa manyazi eni ake mpaka kusintha kapena kupepesa. Pa nkhani imeneyi luso labwino ndi chilungamo zayenda njira imodzi.

Kwa ojambula athu, amene akuchuluka m'manyuzipepala, m'mabuku a sukulu ndi pa makompyuta, tipereka muyeso wapafupi umene aliyense angauyese patebulo pake. Mukajambula mtengambali woipa, mumujambulenso ali m'tulo, nsidze zitamasuka, milomo ili phee, ndipo musonyeze mwana chithunzicho. Ngati mwanayo alephera kudziwa kuti uyu ndi woipa kapena wabwino, ndiye kuti chiwembu munachiika m'zochita, ndipo chidzaoneka pa nthawi yake mtengambaliyo akadzuka. Koma ngati aloza chala n'kunena kuti "Woipa ndi uyu" munthuyo ali m'tulo, muyang'anitsitse chimene mwanayo waloza. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi mphuno, chipsera, khungu kapena makwinya, ndipo m'mudzi mwanu momwemo muli munthu wosalakwa amene ali nazo.

Ntchito imene yatsalira ophunzira za Chichewa ndi kusonkhanitsa mawu onse ndi mivekero yonse yonena za nkhope, monga tsinya, kunyogodola, kutuzula ndi kutong'ola maso, n'kuona kuti ndi angati amanena zochita ndipo ndi angati amanena chibadwa, ndiponso kuti m'nthano zathu mfiti ndi wachiwembu amazindikirika ndi ziti mwa ziwirizi. Tikayikira kuti nafenso tidzapezeka osalakwa kotheratu.